Mafunso ndi mayankho: kuika zipangizo zoyezera zopanda mawaya m'fakitale

Ambiri a ife amisiri a zoyezera tinakulira pa mawaya awiri ndi 4–20 mA, magetsi amene amakwera ndi kutsika potsata chimene chikuyezedwa. Waya akaduka, mita imakuuza, ndipo umamutsatira ndi maso kuchokera ku kabati mpaka kukapeza pamene wavulala. Chipangizo chopanda mawaya chilibe choti uchitsatire ndi maso, n'chifukwa chake mafunso amachuluka. Ali m'munsiwa ndi amene anzanga pantchito amandifunsa kawirikawiri. Mayankho atsamira pa WirelessHART, imodzi mwa njira zimene zipangizozi zimalankhulirana, chifukwa ndi imene ndaigwira kwambiri, koma zambiri zikukhudzanso njira ina yotchedwa ISA100.11a.

Chipangizo chopanda mawaya ndi chiyani kwenikweni? Si Wi-Fi yomweyi?

Ayi. Ndi transmitter yomwe mukuidziwa kale, yoyeza presha, kutentha, kuchuluka kwa zam'thanki kapena kunjenjemera kwa pampu, kungoti m'malo mwa mawaya ili ndi batire ndi kawailesi kakang'ono. Kawailesiko kamatsata muyezo wa IEEE 802.15.4 ndipo kamalankhula pa 2.4 GHz, pomwe Wi-Fi imalankhulanso, koma ntchito zawo n'zosiyana. Wi-Fi inapangidwa kuti izinyamula katundu wambiri mothamanga, ndipo imadya magetsi. Kawailesi aka kamayenda pa 250 kbps basi, ndi mphamvu ya pafupifupi 10 mW. Chipangizo chimadzuka, kuyeza, kutumiza timanambala tochepa, n'kugonanso.

Kuwonjezera pa zipangizozo pamakhala gateway, yomwe ndi khomo lolowera ku PLC kapena DCS, makompyuta owongolera makina m'fakitale. Pamakhalanso mapulogalamu awiri amene nthawi zambiri amakhala m'kati mwa gateway yomweyo: network manager, amene amagawa nthawi ndi njira zolankhulirana, ndi security manager, wosunga makiyi.

Ndisankhe WirelessHART kapena ISA100.11a?

HART, njira imene transmitter imalankhulira pa mawaya a 4–20 mA, inayambitsidwa ndi kampani ya Rosemount m'zaka za m'ma 1980. WirelessHART inatuluka mu 2007 ngati gawo la HART 7, ndipo mu 2010 inakhala muyezo wa dziko lonse lapansi wotchedwa IEC 62591. Lero imayang'aniridwa ndi FieldComm Group. ISA100.11a inavomerezedwa ndi bungwe la ISA (International Society of Automation) mu 2009, n'kukhala IEC 62734 mu 2014. Ku China kulinso WIA-PA, yomwe ndi IEC 62601.

WirelessHART ndi yosavuta kwa munthu amene amadziwa kale HART: malamulo ndi omwewo, zida zokonzera ndi zomwezo, ndipo zinthu zambiri zinakhazikitsidwiratu moti mulibe zochuluka zoti musinthe. ISA100.11a imagwiritsa ntchito maadiresi a pa intaneti a IPv6 ndipo imapatsa injiniya ufulu wosintha zambiri, zomwe n'zabwino ngati injiniyayo alipo. Emerson, Endress+Hauser, ABB, Siemens ndi Pepperl+Fuchs ndi ena mwa amene anapanga zipangizo za WirelessHART; Honeywell ndi Yokogawa ndi amene amadziwika kwambiri pa ISA100.

Ziwirizi sizimvana. Chipangizo cha uku sichingalankhulane ndi chipangizo cha uko ngakhale zitakhala pa paipi imodzi. Choncho sankhani imene DCS yanu imailandira bwino ndiponso imene amisiri anu angaikonze usiku opanda woitana, kenako khalani pomwepo. Kusakaniza popanda chifukwa kumangokupatsani manetiweki awiri ofooka m'malo mwa imodzi yolimba.

Kodi chilichonse cha m'fakitale chingapite pa netiweki yotereyi?

Ayi ndithu. Bungwe la ISA linagawa ntchito za zipangizo m'magulu 6, kuyambira 0 mpaka 5. Gulu 0 ndi la chitetezo, lozimitsa makina pakabuka ngozi. Magulu 1 ndi 2 ndi owongolera makina popanda munthu. Gulu 3 ndi pamene munthu amaona nambala n'kuchitapo kanthu ndi manja ake, gulu 4 ndi la machenjezo a zofunika kukonza, ndipo gulu 5 ndi longosunga mbiri. Kwawo kwenikweni kwa zipangizo zopanda mawaya ndi magulu 3, 4 ndi 5.

Ganizani za malo amene simunawayezepo chifukwa kukokerako waya kunali kodula: misampha ya nthunzi (ma steam trap, otulutsa madzi m'mapaipi a nthunzi) imene imadontha miyezi osadziwika, mabeyaringi a mapampu, matanki a kutsidya kwa msewu, valavu yotulutsa presha imene palibe amadziwa kuti inatseguka liti, makulidwe a paipi imene dzimbiri likuidya, ng'anjo yozungulira imene waya sangaigwire. Palinso mageji aja amene munthu amawazungulira ndi kabuku kawiri pa tsiku. Apa m'pamene phindu lili.

Kuwongolera n'kotheka pa zinthu zosintha pang'onopang'ono, monga thanki yaikulu imene imatenga maola kuti idzaze, bola PID yake, pulogalamu yowongolera, ikonzedwe kuti izidziwa kudikira nambala yatsopano. Koma presha ya kompuresa, kapena chilichonse chimene chili pansi pa IEC 61511, muyezo wa zida za chitetezo, ndipo moyo wa munthu wadalira pamenepo, ine ndimachisiya pa waya. Zilipo zipangizo zochepa zozindikira gasi zopanda mawaya zimene zinavomerezedwa pa SIL 2, mulingo wa kudalirika kwa zida za chitetezo, koma zimenezo zinapangidwira ntchito imeneyo kuyambira pachiyambi. Si chilolezo choika transmitter wamba pa ntchito ya chitetezo.

Uthenga umayenda bwanji kuti ukafike ku gateway?

Mu WirelessHART nthawi imadulidwa m'timagawo ta 10 ms, kutanthauza timagawo 100 pa sekondi. Network manager amauza zipangizo ziwiri kuti pa kagawo kakuti, wina alankhule ndipo wina amvetsere. Wolandira amavomereza m'kagawo komweko kuti wamva. Pamakhala matchanelo 15, kuyambira 11 mpaka 25, ndipo kulankhula kulikonse kumachitika pa tchanelo ina. Uthenga ukapanda kufika, umabwerezedwa pa tchanelo ina, ndipo zikakanikabe umadzera kwa mnansi wina.

Mawu akuti mnansi ndi amene muyenera kuwagwira. Chipangizo chilichonse cha WirelessHART chimatha kulandira uthenga wa chinzake n'kuupatsira patsogolo, ngati anthu opatsirana njerwa pa mzere. Cha kutali sichifunika kufika ku gateway chokha. Chimangofunika anansi abwino. Mu ISA100.11a mumatha kusankha kuti chipangizo chizipatsira kapena chisamapatsire. Kupatsirana kulikonse kumawonjezera kanthawi ndipo kumadya batire la wopatsirayo, choncho mzere wautali si wonyadira.

Gateway ndiiike pati, ndipo zipangizo zitalikirane bwanji?

Funso ili ndilo limasiyanitsa netiweki imene mudzaiwale kuti ilipo ndi imene idzakusowetseni tulo.

Cholakwa chofala n'kuika gateway pamene pali pafupi ndi chipinda chowongolera, pakona pa fakitale, chifukwa chingwe cha Ethernet chikhala chachifupi. Zikatero uthenga wonse umathinana kudzera pa zipangizo ziwiri kapena zitatu za kufupi ndi konako. Gateway, kapena eriyo yake, iyenera kukhala pakati pa zipangizo. Kuli bwino kutalikitsa chingwe cha Ethernet kapena cha fiber kusiyana ndi kutalikitsa mzere wopatsirana.

Za mtunda, musadalire nambala yaikulu ya pa pepala la malonda. Malangizo a Emerson, amene amisiri ambiri amawagwiritsa ntchito poyambira, amapereka mitunda inayi: mamita 30 pamene mapaipi ndi zitsulo zathinana moti galimoto singadutse, mamita 76 pamene zathinana pang'ono, mamita 152 pa malo otakasuka ngati bwalo la matanki, ndi mamita 228 pamene zipangizo ziwirizo zikuonana popanda chotchinga. Tengani mapu a fakitale ojambulidwa pa sikelo, lembani pamene chipangizo chilichonse chidzakhale, ndipo jambulani mkombero wa mtunda woyenera kuzungulira chilichonse. Mukatero werengani zinthu zitatu. Gateway ikhale ndi zipangizo zosachepera 5 zimene zingathe kulankhula nayo mwachindunji. Chipangizo chilichonse chikhale ndi anansi osachepera 3. Netiweki ikakula, zipangizo 25 pa 100 zilizonse zizifika ku gateway zokha. Pamene mikombero sikukhudzana, ikanipo repeater, chipangizo chongopatsira uthenga, kapena, chimene ine ndimakonda, transmitter ina yoyeza kanthu kothandiza, chifukwa ipatsira uthenga chimodzimodzi komanso ikupatsani nambala ina.

Yang'anirani chipangizo chimene gulu lonse la kumbuyo kwake ladalira icho chokha. Chikazima, gulu lonselo lasowa, ndipo batire lake limatha msanga kuposa la anzake onse.

Mapu akatha, nyamukani mukayende pamalopo. Mapu sasonyeza kuti pakati pa matanki awiri pamaima malole tsiku lonse, kapena kuti pali mitengo imene masamba ake akanyowa amameza mafunde a 2.4 GHz. Sasonyezanso msinkhu. Eriyo yoima chilili imamwaza mafunde m'mbali mwake mozungulira, koma pamwamba ndi pansi pake penipeni imafooka kwambiri. Chipangizo chimene chili pa nsanja yaitali pamwamba pa gateway chikhoza kuvutika ngakhale mtunda uli waufupi. Komanso kuonana ndi maso si kokwanira pa mtunda wautali. Mafunde amafuna mpata wozungulira mzere woonerana, umene akatswiri amautcha Fresnel zone. Pa mtunda wa mamita 200, mpatawo pakati pa njira umafika pafupifupi mamita 2.5 kuchokera pa mzerewo, ndipo mbali yaikulu ya mpatawo iyenera kukhala yopanda kanthu. N'chifukwa chake zipangizo ziwiri zoikidwa pa msinkhu wa m'chiuno zimalephera kumvana ngakhale mukuziona bwinobwino: nthaka yomwe ndi chotchinga.

Fakitale yaikulu igaweni potsata magawo a ntchito, gawo lililonse ndi gateway yake ndi Network ID yake, nambala yodziwira netiwekiyo. Tsiku lozimitsa gawo limodzi kuti likonzedwe, magawo ena sakhudzidwa. Musadzazenso gateway mpaka pakamwa. Pa magateway ena otchuka malire ndi zipangizo 100 ngati zikutumiza pa masekondi 8 aliwonse, koma 12 zokha ngati zikutumiza sekondi iliyonse.

Nanga eriyo ili ndi malamulo ake?

Iime chilili, ndipo italikirane pafupifupi mita imodzi ndi khoma, thanki kapena chitsulo chachikulu. Ya gateway ikwere pakati pa mamita 5 ndi 7 kuchokera pansi, kapena mamita 2 pamwamba pa denga ndi zotchinga zina. Transmitter ikakhala m'dzenje kapena kuseri kwa thanki, gulani ya eriyo yokhala payokha n'kuikweza.

Chingwe cha coax, cholumikiza eriyo, chimameza mphamvu. Kutaya 3 dB n'kutaya theka, choncho chikhale chachifupi ndipo chikhale chimene wopanga anavomereza. Ikanipo chotchinjiriza ku mphezi, chilumikizidwe bwino ku earth, ndipo kulungani polumikizira paliponse ndi tepi yotseka madzi. Madzi akalowa m'chingwe, netiweki siifa tsiku limodzi; imafooka pang'onopang'ono kwa miyezi. Musasinthe eriyo n'kuika yamphamvu kuposa yovomerezeka, chifukwa mukhoza kuphwanya malamulo a mafunde a dziko lanu komanso setifiketi ya chipangizocho.

Tsiku loika, ndiyambe ndi chiyani?

Gateway iyambe kuyaka, ndipo tsegulani active advertising kuti iziitana zipangizo pafupipafupi. Chipangizo chilichonse chimafuna zinthu ziwiri kuti chilowe: Network ID ndi Join Key, amene ndi kiyi wa mabiti 128, wolembedwa ndi zilembo ndi manambala 32 a hexadecimal. Mu WirelessHART zimenezi zimalowetsedwa kudzera pa mawaya, pa timapini ta HART tili m'kati mwa chipangizo, pogwiritsa ntchito communicator, chida cha m'manja chokonzera zipangizo, kapena modemu ya HART ndi kompyuta. Chitirani zimenezi pa tebulo m'shopu, mutakhala pansi, osati pamwamba pa makwerero. Pomwepo lembani tag (dzina la chipangizocho), malire a muyezo ndi kuti chizitumiza kangati. Mukamaliza chotsani batire.

Kunja, ikani mabatire kuyambira pa chipangizo cha pafupi kwambiri ndi gateway, n'kumapita kutali. Cha kutali chikayaka choyamba chimangomvetsera osamva aliyense, ndipo kumvetserako kumadya batire. Chilichonse chikalowa, tsimikizani pa tsamba la gateway kuti nambala ikufika ndipo ikufanana ndi imene ili pa geji kapena pa sikirini ya chipangizocho.

Kenako dekhani. Kulowa kumatenga mphindi zingapo, ndipo network manager amapitiriza kusanja njira kwa maola ambiri pambuyo pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: lipoti limene mungalikhulupirire ndi la mawa lake, osati la ola loyamba.

Chipangizo chakana kulowa. Ndiyang'ane kuti?

Kawirikawiri vuto ndi chilembo chimodzi cholakwika mu Join Key kapena Network ID. Lumikizani communicator muone join status, yosonyeza pamene kulowako kwaima. Ngati sichikumva netiweki n'komwe, ndi mtunda, batire kapena Network ID. Ngati chikuimva koma chikukanidwa, ndi kiyi, kapena sichinalembedwe pa mndandanda wa zololedwa. Ngati chalowa koma sichikupatsidwa nthawi yotumizira imene chapempha, gateway kapena mnansi wake wadzaza, chepetsani katumizidwe. Mukakayika za mtunda, chitengereni pafupi ndi gateway. Chikalowa pamenepo, mwadziwa kuti chikusowa mnansi.

Batire limakhaladi zaka 10?

Likhoza, koma werengani timawu ta pansi pa nambalayo. Opanga amawerengera chipangizo chotumiza kamodzi pa mphindi, pa malo osatentha kapena kuzizira kwambiri, chopatsira anansi ochepa. Mabatire ake ndi a lithium thionyl chloride, amene amasunga mphamvu zaka zambiri koma satchajidwa.

Chimene chimadya batire kwambiri ndi katumizidwe. Zipangizo zambiri zimalola kuyambira sekondi imodzi mpaka mphindi 60, ndipo oyendetsa makina akafunsidwa amangoti sekondi imodzi, chifukwa anazolowera waya. Walira mvula walira matope: sekondi imodzi imatanthauza kusintha batire pafupipafupi komanso gateway yonyamula zipangizo zochepa. Afunseni funso lina: kodi chinthu chimenechi chimasintha mofulumira bwanji, ndipo inuyo mukaona kusinthako mumachitapo kanthu pakapita nthawi yanji? Kutentha kwa thanki yaikulu sikufuna zoposa kamodzi pa mphindi. Zipangizo zambiri zilinso ndi njira yoti ziziyeza pafupipafupi koma zizitumiza pokhapokha nambala ikasuntha kupyola malire amene mwaika, kapena nthawi inayake ikakwana.

Pamene kufulumira kukufunikadi, kapena pa repeater yonyamula anzake ambiri, perekani magetsi a kunja kapena kachipangizo kotenga mphamvu ku kutentha kwa paipi. Ikani alamu ya batire pa DCS, osati pa tsamba la gateway lokha limene palibe amalitsegula. Poitanitsa mabatire, kumbukirani kuti amanyamulidwa ngati katundu woopsa, pansi pa UN 3090, ndipo izi zimachedwetsa. Musadikire kuti lithe kaye.

Wi-Fi ya m'fakitale siidzasokoneza?

Nthawi zambiri zimakhalira limodzi bwino, chifukwa cha kudumphadumpha matchanelo kuja ndi kubwereza. Wi-Fi ikakhala pa matchanelo 1, 6 ndi 11, matchanelo 15, 20 ndi 25 a 802.15.4 amagwera m'mipata yake. Musaike eriyo ya gateway pa mlongoti umodzi moyandikana ndi ya Wi-Fi. Tchanelo imene yawonongekeratu mukhoza kuiletsa, koma teroni mutayeza, osati mongoganiza, chifukwa tchanelo iliyonse yoletsedwa imachepetsa malo othawira. Ndipo anzanu a IT adziwe kuti netiweki yanu ilipo, kuti asadzaike access point yatsopano ya Wi-Fi pamutu pa gateway yanu.

Manambala afika ku gateway. Ndiwalowetse bwanji mu PLC kapena DCS?

Magateway amalankhula ndi PLC kapena DCS m'zinenero monga Modbus RTU pa RS-485, Modbus TCP, OPC, HART-IP, ndipo ena EtherNet/IP kapena PROFINET. Pa Modbus, nambala ya floating point ya mabiti 32 imatenga maregista awiri, timalo tosungira nambala, ndipo opanga sagwirizana pa imene iyambe. Mukaona nambala yopanda mutu, sinthanitsani dongosolo la maregistawo; mukaona nambala ya chipangizo china, adiresi yapitirira kapena yatsalira ndi 1. Izi zimatha m'masana amodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Pa 4–20 mA, waya akaduka magetsi amagwa, ndipo potsata malangizo a NAMUR NE 43 chilichonse chofika 3.6 mA kapena kutsikirapo chimawerengedwa kuti ndi vuto. Khadi la PLC kapena DCS limadziwa, alamu imalira. Chipangizo chopanda mawaya chikasowa, palibe chimene chimagwa. Gateway ikhoza kumangoyankhabe ndi nambala yomaliza imene inalandira, ndipo PLC imene imafunsa pa 100 ms iliyonse imalandira yankho nthawi zonse n'kumaona ngati zonse zili bwino. Woyendetsa makina amaona thanki ili pa theka, nambala yooneka bwino, yosatekeseka, pamene nambalayo ndi ya m'mawa. Ndinaonapo izi zikuchitika pa fakitale ina: mzere wa pa sikirini unali wowongoka kwa maola angapo, ndipo aliyense ankauwerenga ngati umboni woti zinthu zakhazikika.

Choncho musalowetse nambala yokha. Lowetsani pamodzi ndi status yake, chizindikiro chonena ngati nambalayo ndi yodalirika. Uzani gateway kuti mauthenga angati akaphonyedwa motsatizana nambalayo itchedwe yakale, ndiponso kuti pamenepo izipereka chiyani. Pa sikirini, nambala yakale isinthe mtundu kapena isowe, kuti munthu wotopa pakati pa usiku asaikhulupirire. Logic iliyonse imene imaigwiritsa ntchito idziwe chochita ikakalamba. Ngati chipangizo chimapereka zizindikiro zinayi za NAMUR NE 107, zosonyeza kuti chafa, chikukonzedwa, chatuluka m'malire ake kapena chikufuna kusamalidwa, zitengeninso. Ndipo musanapereke ntchito, yesani: chotsani batire pa chipangizo chimodzi, pitani m'chipinda chowongolera, ndipo werengani nthawi imene ipite kuti sikirini ivomereze kuti chasowa. Ngati siivomereza, ntchito sinathe.

Munthu wa kunja kwa mpanda sangamvetsere kapena kulowamo?

Mbali ya mafunde ndi yotetezeka kuposa mmene ambiri amaganizira. Uthenga uliwonse umabisidwa ndi AES-128 ndipo umakhala ndi chidindo chosonyeza kuti sunasinthidwe panjira. Join Key ndi wolowera basi. Chipangizo chikalowa chimapatsidwa makiyi ena. Mu WirelessHART chitetezochi sichizimitsidwa. Udindo wanu ndi kusintha Network ID ndi Join Key zimene zinabwera kuchokera kwa wopanga, kusunga makiyi pamalo otsekeka osati pa pepala lomata pa kabati, ndipo ngati gateway ikulola, kupatsa chipangizo chilichonse kiyi wakewake. Kontirakitala akamaliza ntchito, sinthani kiyi.

Pofooka penipeni ndi kumbuyo kwa gateway, kumene kuli chingwe cha Ethernet. Modbus TCP wamba, pa port 502, safunsa kuti ndinu ndani. Tsatirani nzeru ya IEC 62443 yogawa netiweki m'zigawo zokhala ndi makomo odziwika: gateway ikhale m'chigawo chake kuseri kwa firewall, ilankhule ndi makina okhawo amene akuifuna, ndipo isalumikizidwe pa netiweki ya mu ofesi. Sinthani mapasiwedi, tsekani ma protocol amene simukuwagwiritsa ntchito, ndipo firmware izikonzedwa.

Munthu wa zida zamphamvu akhoza kuphimba mafunde onse a 2.4 GHz. Sangasinthe manambala anu, koma akhoza kuwaletsa kufika, zomwe zikutibwezera ku nkhani ya nambala yakale ija.

Nanga m'malo a gasi kapena fumbi lotha kuphulika?

Kusowa kwa mawaya sikuchotsa malamulo. Chipangizo chikhale ndi setifiketi ya ATEX, IECEx kapena imene dziko lanu limavomereza, yogwirizana ndi malowo: Zone 0, 1 kapena 2 pa gasi, Zone 20, 21 kapena 22 pa fumbi. Zambiri ndi za mtundu wa Ex ia, wa mphamvu yochepa moti singayatse gasi, ndipo mabatire ake anapangidwa kuti azisinthidwa pomwepo, koma izi zimagwira ngati setifiketi ikutero ndiponso ngati batirelo ndi lenileni la wopanga. Communicator imene mwanyamula nayonso ikhale yovomerezeka. Eriyo ya pulasitiki ipukutidwe ndi nsalu yonyowa, chifukwa youma imatha kuyambitsa magetsi a static. Magateway ambiri amaloledwa mu Zone 2 kapena kunja kwa malo oopsa basi.

Ndili ndi matransmitter akale a mawaya. Ndiwataye?

Ayi. Ambiri mwa iwo amalankhula kale HART, ndi timawu ta 1200 Hz ndi 2200 Hz tokwera pamwamba pa 4–20 mA, kungoti makhadi akale a DCS amangomva mA yokha. Adaputa ya WirelessHART imamangidwa pa transmitter yotere n'kutulutsa zonse zimene zakhala zikutsekeredwa m'menemo: miyezo yachiwiri ya flowmeter, kapena zimene positioner, chida choyendetsa valavu, ikudziwa za valavu yake. Waya amapitiriza ntchito yake yowongolera monga kale. Adaputa yotenga mphamvu pa loop, mzere wa 4–20 mA uja, imadya mavoti pang'ono, choncho werengani kaye ngati otsala akwanira pa 20 mA, ndipo poilumikiza mudzadula loop, ndiye iikeni pa manual mutagwirizana ndi oyendetsa makina.

Netiweki inali bwino, koma patapita miyezi zipangizo zina zayamba kusowasowa. Chasintha n'chiyani?

Kawirikawiri chasintha ndi fakitale. Amisiri amanga zitsulo zokwerapo kuzungulira nsanja, pabwera thanki yatsopano, kontena yaikidwa pabwalo, kireni yaima pakati pa anansi awiri, mtengo wakula. Netiweki imadzikonza yokha podzera njira zina, ndipo imachita zimenezi mwakachetechete moti simudziwa kuti njira zitatu zija zatsala imodzi, mpaka tsiku limene imodziyo nayo yatsekeka.

N'chifukwa chake ndimapempha kuti tsiku lopereka ntchito musunge lipoti la gateway: chipangizo chilichonse, anansi ake, RSSI (mphamvu ya mafunde ofika), path stability (mauthenga amene adutsa pakati pa anansi awiri popanda kubwereza) ndi reliability. Mwezi ndi mwezi tsegulani latsopano n'kuyerekeza. Reliability, imene imasonyeza mauthenga amene afikadi, iyenera kupitirira 99 pa 100. Path stability imatha kutsika kwambiri reliability ili bwinobwino, chifukwa kubwereza kumabisa vutolo. Path stability ikatsika pansi pa 60 pa 100, kapena RSSI ikafooka kupitirira cha m'ma −75 dBm, pitani mukaone ndi maso chimene chaima panjirapo. Chipangizo chimene batire lake likutsika mofulumira kuposa la anzake chikukuuzani kuti chasenza katundu wa ena.

Chinanso chofala ndi cha ife eni. Mmisiri amachotsa transmitter kupita nayo ku shopu kuti akaiyeze, osadziwa kuti zipangizo zisanu za kuseri kwa boyila zimadzera pa iyo. Lembani pa mapu, ndiponso pa kachikwangwani komangirira pa chipangizocho, kuti chimapatsira anzake. Pa chilolezo cha ntchito pakhale mzere wofunsa ngati gateway yaonedwa chisanachotsedwe. Ngati pali odalira icho chokha, imikani repeater yongoyembekezera pafupi, idikireni ilowe, onani pa tsamba la gateway kuti anansiwo aipeza, ndiyeno masulani transmitter ija.